Lipoti la ulendo wa amayi a Chigwirizano ku Phalombe

Amayi a Chigwirizano (gulu la amayi mu Sinodi ya Nkhoma) a mpingo wathu ku Lilongwe tinapita kukacheza ndi amayi a Mvano (gulu lotero mu Sinodi ya Blantyre) a mpingo wina wa CCAP m'boma la Phalombe. Tinkafuna kukaona momwe anzathu a Sinodi ya Blantyre akugwirira ntchito ya Mulungu m'midzi imene inasakazidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Komiti inandipempha kuti ndilembe zimene tinaona kuti amene sanapite nawo amveko.

Tinanyamuka m'bandakucha. Pa Lizulu tinaima kugula kabichi, tomato ndi kachewere kuti tisakafike chimanjamanja, kenaka tinawoloka Shire pa Zalewa, kudutsa Blantyre ndi Limbe, kutsata msewu wa Midima mpaka pa Chitakale. Kuchoka apo phiri la Mulanje linatiperekeza kudzanja lamanja mpaka tinayamba kuona phiri la Michesi dzuwa litapendeka.

Anatilandira ndi nyimbo ndi nthungululu tisanatsike n'komwe. Mayi busa awo anatikumbutsa kuti masinodi athu ndi banja limodzi kuyambira 1926, pamene Nkhoma inalowa m'chiyanjano chimene Blantyre ndi Livingstonia anayamba mu 1924. Anatipatsa thobwa ndi kalongonda. Ambiri mwa ife kalongondayo tinali kumudya koyamba, ndipo titamva kuti amaphikidwa pafupifupi tsiku lonse, madzi akutayidwa n'kuthiranso ena kuti kuwawa kuchoke, tinadziwa kuti anthuwa anatikonzekera ndi mtima wonse, popeza nkhuni kumeneko n'zosowa.

Akuluakulu a kumeneko akamanena za Freddy amayambira pa Napolo wa mu 1991, pamene madzi, miyala ndi matope zinatsika m'phiri n'kukwirira midzi. Amati ankaganiza kuti zotero sadzazionanso. Freddy atabwera, madera ngati Nkhulambe anadukirana ndi anzawo, misewu ndi milatho zitakokoloka. Tinaona minda imene mpaka lero ili mchenga ndi miyala yokhayokha. Ena mwa amayi a Mvano amene ankatiyendetsa anataya ana ndi amuna awo.

Chimene chinatigwira mtima kwambiri ndi kabuku kamodzi. Mlembi wawo ali ndi kope la sukulu momwe analembamo maina a anthu a m'midzi yozungulira amene sangathe kudzithandiza: okalamba, odwala nthawi yaitali, ana okhala okha. M'kopemo simunalembedwe kuti uyu amapemphera kuti. Tsiku la msonkhano wawo amapemphera mwachidule, kuwerenga Mawu, kenaka amavula bulauzi yoyera, kumanga chitenje cha ntchito, kutenga makasu ndi ndowa, n'kugawana milaga, ndiye kuti zigawo za dera la mpingo. Ena akapalira, ena akazira nyumba, ena akachapa ndi kusambitsa wodwala.

Tinapita nawo kwa agogo ena amene nyumba yawo inagwa ndi mvula ija. Amayiwa anaumba okha njerwa, amuna a mumpingo n'kumanga ndi kufolera. Agogowo si a CCAP, ndipo si a tchalitchi ina iliyonse. Mmodzi wa ife anafunsa poyera kuti, "Nanga amayi, mphamvu zonsezi mukuthera pa munthu woti salowa m'kachisi, akhristu anu ovutika atha?" Wapampando wawo anayankha mofatsa kuti, "Sanathe, amayi. Koma madzi aja pobwera sanafunse kalata ya ubatizo. Ifenso tikafika pakhomo sitifunsa." Madzulo nkhaniyi tinaikambiranabe patokha, ndipo panali ena amene ankati thumba la mpingo liziyamba ndi ana a mpingo. Maganizo amenewo ndikuwamvetsa, pakuti ndalama n'zochepa. Koma ine ndikuona kuti amayi a Phalombe alondola. Yesu anafanizira Ufumu wa Mulungu ndi chotupitsa mkate chimene mayi anachibisa mu ufa, ndipo chotupitsa chikangokhala m'kapaketi kake palibe chimene chimafufuma.

Thumba lawolo silidikira alendo. Ali ndi banki m'khonde, ndipo pa phindu lake amapatula gawo la odwala ndi maliro. Anatiphunzitsanso kupanga manyowa a Mbeya: kusakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki mkati mwa saka, n'kusiya pamthunzi masabata atatu. Mayi wamasiye amene sangagule thumba lathunthu la feteleza amatha kuthira munda wake motero.

Tinakumananso ndi mayi wina wa Mvano amene amagula nandolo kwa alimi. Aliyense akudziwa za masikelo obera amene mavenda ena amayenda nawo m'midzi nthawi yokolola. Mayiyu amayamba waika paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi pa sikelo yake mlimi akuona, kenaka n'kuyeza nandolo. Anatiuza kuti phindu lake n'lochepa poyerekeza ndi la anzake, koma sangaimbe kwaya Lamulungu atabera mayi mnzake Loweruka.

Funso lolemera kwambiri la ulendowu linachokera kwa iwo. Pa zokambirana zomaliza, mayi wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti: "Amayi anzathu a ku Lilongwe, atsikana athu ambiri a kuno ali m'nyumba zanu m'tauni, akuphika, akuchapa, akulera ana anu. Kodi mumawalipira mwezi ukatha? Amadya zimene inu mwadya? Lamulungu inu mukavala zoyera kupita ku tchalitchi, iwo mumawasiya kuti?" M'chipindamo munati zii. Sanatinyoze, anafunsa monga kholo limene mwana wake ali kutali. Tonse tikudziwa atsikana a zaka 14 kapena 15 amene amatengedwa kumudzi ndi lonjezo la sukulu, sukuluyo osaiona. Tikudziwa malipiro amene amadulidwa chifukwa mbale yasweka, ndi ana amene amagona kukhitchini pasimenti. Zimenezi zimachitika m'nyumba za anthu opereka chakhumi mokhulupirika, ndipo pa misonkhano yathu sitinazikambepo. Timaphunzitsana za kulemekeza abambo kunyumba, za kulera ana, za kuyendera odwala kuchipatala, koma za munthu amene amatikolezera moto m'mawa uliwonse timangokhala chete. Yakobo analemba kuti malipiro a antchito amene abwana anawabisa amafuula mpaka kwa Ambuye. Vesi limeneli lili pa Yakobo 5:4, ndipo mayi busa athu anatiwerengera m'basi pobwerera.

Tisanafike pa Dedza tinali titagwirizana zingapo zoti tikatule kwa abusa ndi akulu a mpingo. Mlaga uliwonse ukhale ndi kope la anthu ovutika a m'dera lake, osayang'ana mpingo. Pa misonkhano ya mwezi uno tiphunzire za antchito apakhomo: malipiro pa nthawi yake, tsiku lopuma, mwayi wopita kukapemphera kumene iwo amapemphera, ndiponso kuti mwana wa msinkhu wa sukulu abwezedwe ku sukulu m'malo molembedwa ntchito. Amene ali ndi minda ku Mitundu ndi ku Nathenje adzipereka kuyamba kupanga manyowa a Mbeya mvula isanagwe, kuti aphunzitse ena.

Tikuthokoza mpingo wonse chifukwa cha chopereka cha ufa, sopo, zofunda ndi makope, zimene tinazisiya m'manja mwa komiti ya Mvano kuti igawe motsata kope lawo. Amayi a Phalombe avomera kudzatichezera akakolola nandolo, ndipo apempha kuti asadzagone ku holo ya tchalitchi koma m'makomo mwathu, awiriawiri. Amene angathe kulandira alendo alembetse kwa mlembi wa Chigwirizano.