Kuchokera ku Mwami mpaka ku Chanida: mowa wakunja woyenera bala ya ku Chipata

Tinanyamuka ku Kapata, mu Chipata, Lachisanu m'mamawa, mu Okutobala, dzuwa lisanayambe kuswa mtengo. Tinkafuna kuona mmene mowa wakunja ukuyendera m'mabala a kuno kummawa, ndiponso woti n'kuwonjezera pa shelufu yomwe mpaka lero pamangokhala Mosi, Castle ndi Black Label.

Mowawu umalowa mu Chipata m'njira zitatu. Wambiri umachokera ku Lusaka pa msewu wa Great East, mtunda woposa makilomita 550: Windhoek wa ku Namibia, Heineken, Corona, komanso Savanna ndi Hunter's wa ku South Africa. Wina umadzera pa boda ya Mwami kuchokera ku Malawi, winanso pa boda ya Chanida kuchokera ku Tete, ku Mozambique.

Tinayambira ku Mwami poti ndi pafupi, ola silikwana. Kumeneko mowa wa ku Malawi palibe amautcha wakunja. Munthu amangoti "ndipatseni Green," woperekera n'kudziwiratu kuti ndi Carlsberg, yemwe wakhala akufulidwa ku Blantyre kuyambira 1968. Kuche Kuche ndi Special Brew alinso ndi eni ake, makamaka madalaivala a mathiraki ndi amalonda oyenda pakati pa Mchinji ndi Chipata. Koma pali misampha iwiri. Botolo la Mosi likatha limabwerera ndi kireti yake, dipoziti yanu siitayika. La Green kuno lilibe kobwerera, limangounjikana kuseri kwa bala, pokhapokha wokubweretserani atavomera kumalitenga. Gwirizanani zimenezi ndalama isanatuluke m'thumba. Msampha wina ndi anyamata a njinga odutsitsa makireti m'njira za m'tchire usiku. Mtengo wawo ndi wokoma, koma pepala alibe. A ZRA, bungwe lotolera msonkho, akapeza katundu wozemba msonkho amalanda, chindapusa pamwamba. Mowa wolowa moyenera umalipiridwa msonkho wa excise ndi VAT ya 16 peresenti, ndipo wogulitsa weniweni sachita chibwibwi mukamupempha lisiti lokhala ndi TPIN yake, nambala yake ya msonkho.

Pobwerera tinaima pa bala ina m'mbali mwa msewu. Mabotolo a Heineken ndi Corona anawandandalika pawindo kuti odutsa aziona. Fumbi linali litakuta m'khosi mwake, mapepala a pabotolo atayamba kutuwa. Mowa umenewo unali utafa kale. Kuwala kwa dzuwa kukafika pa hops, chomera chimene chimapatsa mowa kuwawa kwake, pamatuluka fungo ngati la kanyimbi, ndipo sizitenga masiku, dzuwa la masana amodzi limakwanira. Botolo la bulawuni limatchinga kuwalako, lobiriwira limatchinga pang'ono chabe, loonekera mkati ngati la Corona silitchinga n'komwe. Kasitomala amene walipira mtengo wokwera n'kumva fungo limeneli sadzaitanitsanso, ndipo adzauza anzake kuti mumagulitsa feki. Ngati mukufuna kuonetsa, ikani pawindo mabotolo otha. Odzaza azikhala m'katoni yake, m'chipinda chamdima, kutali ndi khoma lowombedwa dzuwa komanso malata.

Nkhani ya deti ndi yomweyo. Mowa wakunja wayenda kale ulendo wautali usanakupezeni. Musadalire zolembedwa pa katoni, tsegulani muone pa botolo penipeni, kapena pansi pa chitini. Wotsala ndi miyezi yosakwana itatu musaulandire, ngakhale akuchotsereni mtengo, chifukwa mowa woyesera suyenda msanga. Watsopano uzipita kumbuyo, wakale kutsogolo.

Loweruka tinalowera ku Katete, makilomita oposa 80, n'kukhotera ku Chanida. Wa ku Mozambique ndi 2M, Manica ndi Laurentina. Kunena zoona, wa ku Chipata amene amamwa Mosi sapeza chachilendo chenicheni mu 2M. Wosiyanako ndiye Laurentina Preta, wakuda, wotsekemera pang'ono, woti katoni imodzi m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye siingakugonereni. Za alendo opita ku Mfuwe kukaona nyama zakutchire musavutike nazo kwambiri: mzungu wochokera ku Amsterdam sanabwere kudzamwa Heineken, amafunsa Mosi.

Pa mabala onse amene tinaona, chimene chimalamula si shelufu ayi, ndi filiji. Filiji yopatsidwa ndi kampani ya mowa nthawi zambiri imabwera ndi pangano loti muziikamo mowa wawo wokha. Corona ndi wa banja limodzi ndi Mosi ndi Castle, pamene Windhoek, Savanna ndi Hunter's analowa m'manja mwa Heineken mu 2023. Ndiye musanagule awa, werengani panganolo, mwina pafunika filiji yanuyanu. Mowa uzizizira pa madigiri 3 mpaka 5, ndipo katoni yotentha ilowe usiku kuti mawa ikhale yokonzeka. Amene anadutsa mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri, amadziwa kuti filiza yotsegula pamwamba imasunga kuzizira nthawi yaitali kuposa filiji ya chitseko chagalasi. Chenjerani nayo basi: mowa umaundana pafupi ndi madigiri 2 pansi pa ziro, botolo limasweka, lopulumuka limataya mpweya.

Poyamba musapyole mitundu itatu, makatoni awiriawiri a mabotolo 24. Mtundu umodzi ukhale Windhoek kapena Heineken wa anthu a m'maofesi, wina Savanna kapena Hunter's poti ambiri osakonda kuwawa amathamangira kumeneko, wachitatu Green ngati bala yanu ili kumsewu wa ku boda. Powerengera mtengo, phatikizani ndalama ya katoni ndi ya thiransipoti n'kugawa ndi 23, osati 24, chifukwa pa msewu wochokera ku Lusaka wodzera ku Luangwa ndi Nyimba botolo limodzi kusweka si nkhani. Lembani m'kope zotuluka tsiku lililonse kwa milungu inayi, kuti muone masiku a malipiro komanso a pakati pa mwezi pamene matumba auma. Mtundu umene katoni yake yoyamba sinathe pa milungu iwiri musauitanitsenso. Kuyesaku kusachitike pa sabata ya Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, kapena ya Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti. Masiku amenewo chilichonse chozizira chimatha, kope lingakunamizeni.