Lipoti la ulendo wokaona munda wa Kenrokuen ku Kanazawa

Gulu lathu la alangizi a ulimi wothirira lomwe lili pa maphunziro kuno ku Japan linapita ku Kanazawa, m'chigawo cha Ishikawa, kumayambiriro kwa Novembala. Pa sitima ya Shinkansen kuchokera ku Tokyo ndi ulendo wa maola pafupifupi awiri ndi theka.

Kenrokuen ndi munda wopumiramo wa mahekitala 11. Banja la a Maeda, lomwe linkalamulira derali, linayamba kuukonza mu 1676, ndipo anthu wamba anayamba kuloledwa kulowamo mu 1874. Alendo ambiri amathamangira kukajambulitsa pa nyali ya mwala ya miyendo iwiri, yotchedwa Kotoji, m'mbali mwa dziwe la Kasumigaike. Ifenso tinajambulitsa, koma sitinakhalitsepo.

Tinapeza amisiri ali kalikiliki ndi ntchito ya yukitsuri, yomwe imayamba pa 1 Novembala chaka chilichonse. Amaimika mlongoti wautali pafupi ndi thunthu la paini, mmodzi n'kukwera pamwamba, n'kumaponya zingwe zomwe anzake amamangirira ku nthambi imodziimodzi. Chipale chofewa cha kuno chimalemera moti chikhoza kuthyola nthambi. Paini wotchuka wa Karasaki amamangidwa ndi zingwe mazanamazana. Pansi pake amayi ovala zipewa zazikulu anali atanyonyomala, akuzula udzu m'ndere ndi zala.

Koma chomwe chinatigwira mtima ife ndi madzi. Ambiri oyenda m'mundamu amachokera mu mtsinje wa Sai, mtunda wa makilomita pafupifupi 10, kudzera mu ngalande ya Tatsumi. Anaikumba mu 1632 moto utapsereza mzindawu mu 1631, kuti nyumba ya mfumu ikhale ndi madzi pafupi. Mbali ina ya ngalandeyi anaiboola pansi pa phiri ndi manja. Mpaka lero ikugwira ntchito! Pali ngakhale kasupe yemwe amathuvula madzi mamita 3.5 m'mwamba popanda pampu kapena magetsi. Dziwe la Kasumigaike lili pamtunda, kasupeyo ali kumunsi, ndiye madzi amadzikankha okha.

Apa ndi pomwe tinaima nthawi yaitali, makope ali m'manja. Mnzathu wina anatikumbutsa za masikimu a mpunga kwathu, komwe ngalande zina zosakwana n'zaka makumi asanu zomwe zadzaza mchenga ndi bango, alimi akumunsi n'kumakangana ndi akumtunda. Wina anati vuto ndi ndalama. Ine ndikuona kuti ndalama si zonse, chifukwa ngalande ya Tatsumi yakhala zaka pafupifupi 400 kaamba koti m'badwo uliwonse unkapatsa anthu udindo woisesa ndi kuikonza.

Tili m'sitima pobwerera tinagwirizana kuti aliyense, polemba dongosolo la ntchito yokachita kumudzi, aikemo kalendala yosesera ngalande, ndipo atchule komiti yomwe idzayankhe za chigawo chilichonse cha ngalandeyo.