Kalulu wa m'nyumba sakhalira karoti

Amene mukusunga kalulu m'nyumba, chakudya chake chenicheni ndi udzu wouma. Tsiku lililonse muzimupatsa mulu wofanana ndi thupi lake. Mano a kalulu amakula moyo wake wonse, ndipo ndi udzuwo umene umawaperepesa. Mukamangomupatsa madeya ndi zofewa, mano amatalika n'kuyamba kumubaya tsaya ndi lilime, dovu kumangotuluka, kudya n'kusiya. Masamba ngati chisoso ndi kholowa onjezerani dzanja limodzi kapena awiri, otsuka. Karoti ali ndi shuga wambiri, kachidutswa kakang'ono n'kokwanira.

Muziyang'ananso ndowe zake. Zikayamba kuchepa ndi kuuma, kapena akatha maola 12 osadya osachita chimbudzi, matumbo aima. Thamangirani kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo. Kalulu sasanza, choncho ubweya umene wameza podzinyambita umatuluka mokankhidwa ndi udzu womwewo.

Mawaya a magetsi ndi a tchaja alowetseni m'paipi ya pulasitiki, chifukwa kalulu amawadula kamodzi n'kamodzi. Osamunyamula pogwira makutu, chonde. Dzanja lina pachifuwa, lina kumatako, chifukwa akaphiriphitha amathyoka msana. Kutentha kwa Okutobala kukapitirira madigiri 30, muyikireni botolo la madzi oundana lokulunga m'nsalu.