Zimene ndaphunzira pa kukula kwa malo ogwirira ntchito pa sikirini ya laputopu

Pa zonse zimene ndakhala ndikuwerenga zokhudza masikirini a laputopu, chimene chandikhazikika kwambiri m'mutu n'chakuti manambala olembedwa pa katoni, monga 1920 x 1080, sanena kukula kwa malo amene munthu agwirirepo ntchito. Amangonena kuchuluka kwa ma pixel, timadontho ta kuwala tomwe timapanga chithunzi. Malo enieni amadziwika ukagawa manambalawo ndi scaling, womwe ndi mlingo umene kompyuta imakulitsira zilembo ndi mabatani kuti ziziwerengeka.

Taonani sikirini ya mainchesi 14 ya 1920 x 1080. Timadontho take n'tothinana moti zilembo zikasiyidwa pa 100 peresenti zimachepa kwambiri, n'chifukwa chake Windows nthawi zambiri imaziika pa 150 peresenti. Mukagawa manambala awiriwo ndi 1.5 mupeza 1280 x 720. Ndiye kuti mawu okwana pa sikiriniyi ndi ochepa kusiyana ndi a pa laputopu yakale ya 1366 x 768 yomwe ili pa 100 peresenti! Zilembo zake n'zosalala ndithu, zokoma kuziyang'ana, koma malo sanachuluke. Ndi 4K yomwe: 3840 x 2160 ikaikidwa pa 200 peresenti imapereka malo a 1920 x 1080 basi, kwinaku ikudya batire msanga.

Koma pamene ndachedwapo kwenikweni ndi pa aspect ratio, kugwirizana kwa mulifupi ndi msinkhu wa sikirini. Mainchesi amayezedwa mopingasa, kuchoka pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo, choncho masikirini awiri a mainchesi 14 akhoza kusiyana msinkhu. Ndinawerengetsa ndekha: ya 16:9 (magawo 16 mulifupi, 9 msinkhu) imatalika pafupifupi masentimita 17.4 kupita m'mwamba, ya 16:10 imafika 18.8, pomwe ya 3:2 imafika 19.7. Mulifupi amachepa pang'ono chabe, kuchoka pa 31 kufika pa 29.6.

Wina anganene kuti masentimita awiri si kanthu. Ine ndikuti ndi kanthu, chifukwa pafupifupi chilichonse chimene timawerenga kapena kulemba chimayenda chotsika m'munsi: kalata, tsamba la pa intaneti, mizere ya code. Pepala la A4 nalonso n'lalitali kuposa mulifupi mwake, masentimita 29.7 kwa 21. Komanso zinthu zimene zimatilanda malo zimakhala pamwamba ndi pansi. Taskbar, mzere wa mabatani wa m'munsi mwa sikirini, imatenga gawo lake, ma tab a browser lawo, mabatani a Word lawo, ndipo zimenezi sizifupika ngakhale sikirini ikhale yaifupi. N'chifukwa chake mizere 120 ya ma pixel imene 1920 x 1200 (ya 16:10) imaposera 1920 x 1080 (ya 16:9) imapita yonse ku ntchito yeniyeniyo. Pa masamu ndi 11 peresenti yokha, koma pa malo otsala owerengerapo phindu lake limaposa pamenepo.

Mpangidwe wa 16:9 unachokera ku wailesi za kanema za HD, ndipo unafala pa malaputopu cha m'ma 2008 ndi 2009. Apple inapitirizabe ndi 16:10 pa ma MacBook ambiri. Google inatulutsa Chromebook Pixel ya 3:2 mu 2013, ndipo Microsoft inatengera mpangidwe womwewo pa Surface Pro 3 mu 2014. Kwa munthu wokhalira kulemba ndi kuwerenga, ine ndimaona kuti makampaniwa anaganiza bwino.

Sikuti 16:9 ilibe pake. Makanema ambiri amadzaza sikirini yonse popanda mizere yakuda pamwamba ndi pansi, ndipo wogwiritsa ntchito Excel yokhala ndi madanga ambiri amapindula ndi mulifupi. Kuika mawindo awiri mogundizana nako kumafuna mulifupi, ngakhale apanso scaling ndi imene imalamula: pa malo a 1280, windo lililonse limatsala ndi 640 yokha, yomwe masamba ambiri a pa intaneti amathina nayo. Kutsitsa scaling kufika pa 125 peresenti kumakweza malowo kufika pa 1536 x 864, windo lililonse n'kupeza 768, bola ngati maso anu akutha kuwerenga zilembo zocheperazo popanda kuyandikitsa nkhope ku sikirini.