Galimoto ya mpikisano ikamalira mopyola: yezani musananyamuke ku Tete

Kuchoka mumzinda wa Tete kukafika ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la Autódromo do ATCM ku Maputo ndi makilomita opitirira 1,500. Ku bwalo la Donnybrook ku Harare, kudzera pa Cuchamano, sakwana 400. Ulendo uliwonse mwa awiriwa ndi wodula moti simungafune kukabwezedwa pachipata chifukwa cha phokoso. Malire amasiyana bwalo ndi bwalo, choncho funsani okonza mpikisano nambala yake ndi kayezedwe kake musanadule paipi iliyonse.

Kayezedwe kofala ndi ka galimoto itaima. Chipangizo choyezera amachiika theka la mita kuchokera kukamwa kwa ekizozi, chopendekera madigiri 45, pamsinkhu wofanana ndi paipiyo, injini ikuzungulira pa magawo atatu mwa anayi a liwiro lake lomaliza. Ngati yanu imathera pa 6,000 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa mphindi), muigwire pa 4,500. Ku Britain, bungwe la Motorsport UK limalola 105 dB(A) (madesibelo, muyezo wa kukula kwa phokoso) pa magalimoto a saluni oyezedwa motere. Mabwalo ena amayezanso galimoto ikudutsa pa liwiro, ndipo apo zonse zimamveka: mpweya wolowa, giyabokosi, matayala.

Foni musaikhulupirire, chifukwa maikolofoni ake amalephera phokoso likakwera chonchi. Bwerekani chipangizo chenicheni choyezera phokoso, cha mlingo wa Class 2, kwa odziwa za chitetezo cha pantchito. Ku Moatize alipo. Yezerani pabwalo poyera, kutali ndi makoma, injini itatentha. Ndipo dziwani kuti kutsitsa 3 dB n'kuchotsa theka la mphamvu ya phokoso. Amene wapyola ndi 6 dB ali ndi ntchito yaikulu, ngakhale nambalayo ikuoneka yaing'ono.

Yambani ndi pothawira utsi. Mwaye wakuda pa gasiketi ya manifodi kapena pamfundo yowotcherera ndiwo chizindikiro. Misewu ya fumbi ya ku Angónia ndi ku Macanga imathyola mfundo zimenezi msanga, makamaka ngati timphira topachikira ekizozi tatha.

Kenako sailensa, imene amakaniko athu kuno amati panela. Ya mpikisano imakhala ndi paipi yobowolabowola yodutsa molunjika, yokutidwa ndi ubweya wa galasi. Ubweyawo umapsa n'kuuluka pang'onopang'ono, ndipo galimoto yomwe inali bwino chaka chatha imayamba kulira ngati debe. Gogodani thupi lake: likamveka lopanda kanthu, ubweya watha. Bowolani marivheti, solorani paipi yamkati, tsukani timabowo ndi burashi ya waya. Choyamba kulungani ubweya wa chitsulo chosachita dzimbiri, kuti ndiwo uzikumana ndi moto, kenako ubweya wa galasi pamwamba mpaka chilowe mothina pang'ono. Apa ambiri amalakwa: amatsendera kwambiri poganiza kuti kuchuluka ndiko kuletsa phokoso, koma ubweya wolimba ngati thabwa umangolibweza m'malo molimeza. Osaikamo ubweya wa padenga la nyumba kapena waya wotsukira mapoto. Izi sizichedwa kupsa. Valani magolovesi ndi chotchinga mphuno.

Zikapanda kukwana, wonjezani sailensa yachiwiri pakati pa galimoto, yaitali ndi yonenepa mmene malo angalolere, koma paipi yake yamkati ikhale yofanana ndi ekizozi yonse. Chimene chimatontholetsa injini osaibera mphamvu ndi kukula kwa thupi la sailensa, osati kupanikiza njira ya utsi.

Ubweya umagwira bwino mawu okwera. Kugunda kwa pansi kumafuna nthambi ya paipi yotsekedwa kumapeto, yowotcheredwa m'mbali mwa ekizozi. Masamu ake ndi awa: pa injini ya masilinda anayi gawani rpm ndi 30, ndiye kuti 4,500 ikupatsani 150 Hz, kutanthauza kugunda 150 pa sekondi. Mu utsi wotentha mawu amayenda pafupifupi mamita 500 pa sekondi. Gawani 500 ndi 600, amene ndi 150 kuchulukitsa kanayi, mupeza masentimita pafupifupi 83, ndiwo utali wa nthambiyo. Ipangeni yotha kufupikitsa, chifukwa kutentha kwa utsi kumasintha utali woyenera, ndipo imangothandiza pafupi ndi rpm imene mwawerengerayo.

Kachitsulo kolowetsa kumapeto kwa paipi, ka dB killer, ife timakaona ngati kothawirapo tsiku la mpikisano basi. Kamatsitsadi phokoso, koma kamabweza utsi ndi kutentha ku injini, ndipo ndi dzuwa la October la m'chigwa cha Zambezi, lopyola madigiri 40, simukufuna kuwonjezera moto. Mukakaika, kamangeni ndi mabawuti awiri. Kakagwera m'bwalo, mnzanu wapambuyo ndiye ali pangozi. Chigongono cholozetsa utsi kutali ndi woyeza chimathandiza podutsa, bola malamulo alole.

Kutsogolo nakonso: fyuluta yapoyera imalira kwambiri mukaponda mafuta onse, ndiye itsekereni m'bokosi lokoka mpweya wozizira. Wa tebo abweze mu ekizozi paipi ya wastegate, valavu yolambalalitsa utsi wotsala pa tebo, ndipo zophulikaphulika za mu ekizozi zoikidwa pa kompyuta ya injini azichotse. Pomaliza yezaninso, musiye mpata wa 2 kapena 3 dB pansi pa malire, popeza chipangizo chawo si chanu.