Mmene ndimachitira kuti nyumba ya alendo ipezeke pa Google ndi pamapu

Ndisanalembetse chilichonse, ndimayamba ndaona ngati pamalopo pali munthu wolandira alendo maso ndi maso, kapena ndi nyumba chabe imene mlendo amangotenga kiyi n'kulowa. Ntchito yonse imadalira yankho limeneli. Eni nyumba ambiri amathamangira kutsegula Google Business Profile poti ndi yaulere, ndiponso ndi imene imaika bizinesi pa Google Maps. Koma malamulo a Google amanena mosabisa kuti nyumba zochititsa lendi, kuphatikizapo za alendo obwera kutchuthi, siziloledwa kukhala ndi tsamba lakelake kumeneko. Chololedwa ndi ofesi yoyendetsa nyumbazo, kapena malo ogona alendo okhala ndi antchito ndi polandirira alendo, monga loji. Tsamba la nyumba yopanda munthu likhoza kudutsa poyamba, alendo n'kulembapo ndemanga kwa miyezi, kenako Google n'kuliimitsa, ndemanga zija osaonekanso kwa aliyense.

Ndiyamba ndi malo ololedwa. Choyamba ndimalemba dzina la malowo pa Google Maps, kenako nambala ya foni, kenako adilesi, kufufuza ngati tsamba lilipo kale. Nthawi zambiri limakhalapo: analitsegula mlendo wina, mwini wakale kapena wantchito amene anachoka. Kutsegula lachiwiri kumagawanitsa ndemanga pawiri, ndipo Google ikaona masamba awiri a malo amodzi imatha kubisa limodzi. Choncho ndimapempha umwini wa lomwe lilipolo. Ngati lili m'manja mwa munthu wina, Google imamutumizira uthenga n'kumupatsa masiku 3 kuti ayankhe. Akapanda kuyankha, kawirikawiri mumapatsidwa mwayi wotsimikizira kuti malowo ndi anu. Akaunti yolembetsera ikhale ya mwini bizinesi. Wothandiza ngati ine aonjezedwe ngati manijala basi, kuti tsiku losiyana ntchito tsamba lisapite naye.

Dzina ndimalemba lomwe lili pachikwangwani, osaonjezapo kanthu. Kuphatikiza mawu ngati "yotchipa, pafupi ndi gombe, Wi-Fi yaulere" m'dzina kumaswa lamulo, ndipo opikisana nanu ndi amene amayamba kukunenezani. Pa gulu la bizinesi mumasankha lalikulu limodzi ndi ena oonjezera osapitirira 9. Lalikululo ndi lolemera kwambiri posankha anthu amene azikuonani. Ofesi yoyendetsa nyumba zingapo imayenera Vacation home rental agency, malo okhala ndi polandirira alendo amayenera Guest house kapena Lodge. Oonjezerawo ndimaika awiri kapena atatu oona okhaokha. Ofesi ikakhala kuti silandira makasitomala pakhomo, ndimabisa adilesi n'kutchula madera amene imagwirako ntchito. Amaloledwa mpaka 20, ndipo asatalike kupitirira ulendo wa maola awiri pagalimoto kuchokera pamene bizinesiyo ili.

Pini ya pamapu, kachizindikiro koonetsa pamene malo ali, ndi pamene ndimakhalitsa, chifukwa nyumba za tchuthi zambiri zili kumalo kumene adilesi ya msewu sithandiza. Mukangolemba adilesi n'kusiyira Google kuti iziikire yokha, pini imatha kugwera pakati pa msewu, kuseri kwa mpanda kapena pakati pa tauni yoyandikana nayo. Ndimasintha mapu kukhala chithunzi cha satelayiti, n'kuchikulitsa mpaka denga lioneke, kenako ndimakoka pini kuiika pageti lolowera magalimoto, osati pakati pa denga. Chifukwa chake n'chakuti Google Maps imamutsogolera woyendetsa kumsewu woyandikana kwambiri ndi pini, ndipo pini ikapendekera kumbuyo, mlendo amakathera kumsewu wopanda polowera, mwina usiku ali ndi katundu ndi ana. Ndikamaliza ndimayesa njira kuchokera mbali ziwiri zosiyana, n'kuona pamene mzere wabuluu ukuthera. Ngati kamsewu kolowera sikali pamapu, ndimatumiza pempho loti kaonjezedwe. Pakadali pano ndimakopera Plus Code ya pageti, kagulu kakafupi ka zilembo ndi manambala kamene Google Maps imapereka pamalo aliwonse, n'kuiika m'uthenga wolandirira alendo.

Njira yotsimikizira kuti bizinesi ndi yanu amasankha ndi a Google: foni, imelo, kalata ya papositi kapena vidiyo. Masiku ano ambiri amapemphedwa vidiyo. Imajambulidwa kamodzi kosaduladula, kudzera pafoni muli pamalopo, ndipo ionetse zinthu zitatu. Choyamba ndi kumene muli: chikwangwani cha msewu kapena nyumba zoyandikana. Chachiwiri ndi chikwangwani chokhazikika cha bizinesi, dzina lake lofanana ndendende ndi limene mwalemba. Chachitatu ndi umboni wakuti mumayendetsa malowo, monga kutsegula chitseko ndi kiyi kapena kulowa mu ofesi ya antchito. Ndimayamba ndayeseza njirayo popanda kujambula kuti ndisasowe kiyi pakati pa vidiyo. Mavidiyo ambiri amakanidwa chifukwa chikwangwani ndi pepala lomatidwa pakhoma, kapena chifukwa anayambira mkati osaonetsa kunja. Kuunika kumatenga mpaka masiku 5 ogwira ntchito. Ikakhala kalata ya papositi, imatha masiku 14 isanafike, ndipo podikirapo musasinthe dzina, adilesi kapena gulu, apo ayi nambala yotsimikizira imene ili m'kalatayo imasiya kugwira.

Tsamba likaimitsidwa, musatsegule lina. Konzani chimene chaswa lamulo, sonkhanitsani setifiketi ya bizinesi, laisensi ndi bilu ya magetsi kapena madzi yokhala ndi dzina ndi adilesi yomweyo, kenako muchite apilo. Mapepalawa akhale okonzeka musanayambe, poti fomu ya umboni ikatsegulidwa muli ndi mphindi 60 zokha.

Tsamba likadutsa, zotsalazo n'zopepuka. Malongosoledwe sapitirira zilembo 750 ndipo salola linki. Zithunzi zikhale JPG kapena PNG, kukula kwake pakati pa 10 KB ndi 5 MB, ndipo zisachepere 720 x 720 ngati mukufuna kuti zioneke bwino. Chithunzi chimene anthu amaiwala ndi cha geti monga likuonekera kwa munthu wochokera kumsewu, chonsecho ndi chimene mlendo amachifuna akatsala pang'ono kufika.

Google imanena yokha kuti imasanja malo potengera zinthu zitatu: kugwirizana kwa malowo ndi zimene munthu walemba, mtunda, ndi kutchuka. Mtunda simungausinthe. Kugwirizana mwakonza kale ndi gulu ndi malongosoledwe. Kutchuka kumachokera makamaka ku ndemanga ndi ku masamba ena amene amakutchulani. Ndimakopera linki yopemphera ndemanga, n'kuitumiza kwa mlendo aliyense patsiku lonyamuka kapena mawa lake, zinthu zikadali m'mutu mwake. Ndati aliyense: kusankha okondwa okha n'koletsedwa, chimodzimodzinso kupereka mphatso kapena kutsitsa mtengo posinthana ndi ndemanga. Ndemanga za achibale khumi zobwera sabata imodzi zimakayikitsa, ndipo zimatha kuchotsedwa. Yoipa ndimaiyankha mwachidule, kunena chimene chakonzedwa, osatchula za mlendoyo. Yankholo amaliwerenga ndi alendo amtsogolo kuposa wodandaulayo.

Nanga nyumba imodzi yopanda ofesi? Siisowa polowera, koma khomo lake ndi lina. Google ili ndi gawo lapadera la nyumba za tchuthi, loonetsa mapu, mitengo ndi masiku opanda munthu. Mwini nyumba salembetsamo pamanja. Nyumba imalowa kudzera mu pulogalamu yoyendetsera zobukitsa, imene ambiri amati channel manager, kapena kudzera pa webusaiti yobukitsira yolumikizana ndi Google. Choncho ndisanasankhe pulogalamu yotere ndimafunsa ngati imatumiza nyumba ku gawo limeneli, lotchedwa Google vacation rentals. M'pulogalamumo ndimalemba latitude ndi longitude, ziwerengero ziwiri zosonyeza pamene nyumba ili pamapu, ndi manambala osachepera 5 pambuyo pa dontho, poti pamenepo kulakwika kwake ndi pafupifupi mita imodzi. Awiri okha amatha kusuntha nyumba pafupifupi kilomita. Ndimaikanso zithunzi zosachepera 8, chipinda chogona, bafa ndi pabalaza zonse zilipo. Mtengo wotumizidwa ku Google ufanane ndi umene mlendo akaupeze polipira, ndalama yoyeretsera nyumba ndi misonkho zili momwemo.

Webusaiti yanuyanu ndi yofunika panjira zonse ziwiri, chifukwa tsamba la pa Airbnb kapena Booking.com limakweza dzina la kampaniyo, osati lanu. Nyumba iliyonse ikhale ndi tsamba lake. Mutu wa tsambalo, umene umaoneka pa Google, ndimaulemba ndi zilembo pafupifupi 60: mtundu wa nyumba, zipinda zingati, dera, kenako dzina. Mawu a patsambalo ndimalemba atsopano, osakopera a pa Airbnb, poti Google ikapeza zolemba zofanana pamasamba awiri imaonetsa limodzi, ndipo kawirikawiri ndi la webusaiti yaikuluyo. Ndimalemba zimene anthu amafufuzadi: mphindi zingati pansi kukafika kugombe kapena kusiteshoni, poimika magalimoto angati, ziweto zimaloledwa kapena ayi, msewu umakhala bwanji nthawi yamvula. Zithunzi ndimazichepetsa n'kuzisunga ngati WebP, mtundu wa zithunzi zopepuka, kenako ndimayesa liwiro la tsambalo pa PageSpeed Insights ya Google. Chithunzi chachikulu chizioneka masekondi 2.5 asanathe pafoni. Pomaliza ndimalembetsa webusaiti pa Google Search Console, poonera mmene webusaiti ikuonekera pa Google, n'kutumiza sitemap, mndandanda wa masamba ake onse.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuti mwini nyumba aganize bwino. Nyumba ikamakhala yopanda munthu pakati pa alendo, kuika adilesi yeniyeni pamodzi ndi kalendala ya masiku opanda alendo n'kuuza akuba tsiku lobwera. Airbnb imatha kuonetsa dera lokha mpaka munthu atabukitsa. Pawebusaiti ya nyumba yotere nanenso ndimatero.

Mapu ena sinditayako nthawi yambiri. Bing Places, yolembetsera mabizinesi pamapu a Microsoft, imakopera zonse kuchokera ku Google Business Profile. Apple Maps, imene imabwera kale mu iPhone, ili ndi kolembetsera mabizinesi kwake. Pa OpenStreetMap, kumene mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amatenga mapu, aliyense akhoza kuonjezera malo, bola asakopere kuchokera ku Google Maps. Konseku dzina, adilesi ndi nambala ya foni zilembedwe mofanana, chilembo ndi chilembo. Nambala yakale yotsalira pa Facebook imasokoneza makina ofufuzira, komanso imataya mlendo amene waimba osayankhidwa.

Poona ngati zasintha, sindikhulupirira zimene foni yanga ikuonetsa ndili pamalopo. Google imadziwa kuti ndili pafupi, ndiye imandionetsa malowo pamwamba, ngakhale nditatsegula incognito, njira yofufuza yosasunga mbiri pafoni. Alendo amafufuza ali kutali, atalemba dzina la dera. Ndimadikira milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, kenako ndimaona manambala a pa Business Profile: angati anaimba, angati anapempha njira, angati anadina kupita ku webusaiti. Pa Search Console ndimaona mawu amene anthu analemba kuti atipeze. Tsamba likamaoneka kwambiri koma odina ali ochepa, ndimasintha mutu. Likamapanda kuoneka n'komwe pamawu amene ndimayembekezera, ndimabwerera ku gulu lalikulu ndi ku zolemba za patsambalo. Manambalawa ndimayerekeza ndi a mwezi womwewo chaka chatha, chifukwa nyengo ya tchuthi payokha imawakweza ngakhale palibe chimene chakonzedwa.