Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 6: Anachimwa Ndani?

M'gawo lapitalo ndinalekezera pa maliro a bambo a ana anga, amene tinawaika m'manda mu Marichi 2002, njala ili pachimake. Amene munali kuno ku Thyolo chaka chimenecho mukukumbukira. Anthu ankakumba zitsa za nthochi n'kusinja kuti apeze kaufa, kalongonda ankaphulidwa asanapse bwinobwino chifukwa ana sakanatha kudikira, ndipo pa maliro ambiri sipankaphikidwa n'komwe nsima. Nthawi imeneyo munthu akaonda, aliyense ankangoti ndi njala. Koma chimanga chitacha, anzanga anayamba kubwerera m'thupi, pamene ine ndinkangotsikiratsikira.

Mvula itayamba kumapeto kwa chakacho ndinakalembetsa ntchito yothyola tiyi pa esiteti ina ya kufupi ndi kwathu, monga ndinkachitira dzinja lililonse. Dengu lija ndinkalinyamula kumsana kuyambira ndili mtsikana linayamba kundikanika. Ndikakwera kamtunda kopita ku sikelo, mtima unkagunda mpaka m'makutu. Pofika nyengo ya chiperoni mu 2003 ndinali ndikutsokomola usiku wonse, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira. Ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho kamwana kanga komaliza, kamtsikana kobadwa mu 2000, kanatisiya. Kanali kodwaladwala chibadwire: zilonda m'kamwa, kutsekula m'mimba, mafinya m'khutu. Kanamwalira kasanathe n'kutchula bwino dzina la mchimwene wake.

Apa m'pamene milandu inayamba, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwino chifukwa kutsokomola sikunandipweteke ngati mmene milanduyi inandipwetekera.

Apongozi anga aakazi ankati mwanayo wafa ndi tsempho, ndiye kuti ine ndinayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo. Za mwana wawo, malemu amuna anga, ankati chinali kanyera, ndipo mwini kanyerayo ndinenso. Abale anga ena ankaloza amalume athu, amene tinkalimbirana nawo kamunda ka m'mbali mwa mtsinje, poti kuno malo ndi ochepa, mbali yaikulu ndi ya tiyi, ndipo mkangano wa malire suchedwa kusanduka nkhani ya ufiti. Akhristu anzanga anali ndi mawu awo ofatsa. Ankabwera kudzazonda, n'kukhala pakhomo chapatali, n'kunena kuti, "Mayi, dzifufuzeni bwino, Mulungu salanga munthu popanda chifukwa." Pa maliro a masiku amenewo alaliki ambiri ankakonda Aroma 6:23, kuti mphotho yake ya uchimo ndi imfa. Ankaimira pomwepo. Mbali yotsalayo, yonena za mphatso yaulere ya Mulungu, inkamveka mwa apo ndi apo.

Ndinadzifufuza monga ankandiuzira. Usiku ndinkawerenga machimo anga kuyambira ndili kusukulu ya pulayimale, kufunafuna limene likanakwana mtengo wa mwamuna, mwana ndi thupi langa. Sindikunena kuti ndinali woyera, palibe woyera. Koma mwamuna ndinadziwa mmodzi yekha, ndipo mudzi wonse unkadziwa kumene mwamunayo ankagona tsiku la malipiro. Nanga tiyerekeze kuti ine ndinalakwa, kamwana kaja kanachimwa chiyani? Funso limeneli linandiletsa kupemphera kwa miyezi. Ndinkagwada, pakamwa n'kuuma gwa.

Achemwali anga aakulu ndiwo anandikweza panjinga kupita nane kuchipatala cha boma ku Thyolo. Atayeza makhololo anapeza chifuwa chachikulu. Atandikweza pasikelo ndinaona kuti thupi langa lonse silinkafika makilo a tiyi amene ndinkathyola pa tsiku limodzi ndili wamphamvu. Kenaka mlangizi wina anakhala nane m'kachipinda n'kundifunsa ngati ndingalole kuyezedwa magazi. Ndinalola, pakuti mumtima ndinali nditadziwa kale. Masiku amenewo dzina la matendawa sitinkalitchula. Tinkati kaliwondewonde, magawagawa, matenda a boma, kapena kungoti "zomwezi". Mlangiziyo anatchula dzina lake lenileni, HIV, akundiyang'ana kumaso, ndipo anawonjezera mawu amene sindinawayembekezere: mankhwala alipo tsopano.

Achinyamata a lero simungamvetse kulemera kwa mawu amenewo. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi anapezeka mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri chimene osauka tinkapatsidwa chinali uphungu ndi panado. N'chifukwa chake mu 1995 anthu miyandamiyanda anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape, ena kugulitsa mbuzi kuti apeze ya basi, koma maliro sanaleke. Kuno kwathu bungwe la madokotala la MSF, limene linali likugwira ntchito ndi chipatala cha boma kuyambira mu 1997, linayamba kupereka ma ARV mu 2003, ndipo boma linayamba kugawa aulere m'dziko lonse mu 2004. Amuna anga anaphonya mankhwalawa ndi chaka chimodzi chokha. Ine anandiyambitsa kaye a chifuwa chachikulu ndi Bactrim, n'kundiuza kuti ma ARV ndidzayamba thupi likagwirako pang'ono.

Ndinabwerera kumudzi ndi mapilitsi m'kathumba, koma mumtima ndinali ndisanasankhe kukhala ndi moyo. Munthu ukakhulupirira kuti Mulungu wakutaya, mankhwala umawamwa ngati ukumubera.

Amene anandidzutsa ndi amayi a Mvano. Anabwera Lachinayi lina atavala zoyera ndi zakuda zawo zija, ndipo sanakhale pakhomo chapatali. Wina anatenga ndowa kupita kumjigo, wina anazira nyumba, wina anachapa zofunda zimene ngakhale abale anga ankazinyamula ndi kamtengo. Amayi apampando, agogo okalamba ndithu amene sanapiteko kusukulu, anandisambitsa ndi manja awo. Kuyambira pamene mwana anamwalira panalibe munthu anandikhudzapo kupatula achemwali ndi anamwino. Akundipaka mafuta kumsana ndinalira kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda.

Nditatonthola ndinawafunsa funso langa lija. Ndinati, "Agogo, inu mwakhalitsa mu mpingo, tandiuzani, ndinalakwa chiyani?" Iwo sanayankhe. Anaitana mwana wanga woyamba, amene anali mu Sitandade 6, n'kumuuza kuti, "Iwe, tatsekula Yohane mutu 9, uwawerengere amako." Mnyamatayo anawerenga modukizadukiza nkhani ya munthu wosaona chibadwire, pamene ophunzira anafunsa Yesu kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake. Ndipo Ambuye anayankha kuti sanachimwe iyeyu kapena makolo ake, koma kuti ntchito za Mulungu zionekere mwa iye. Agogo aja anati, "Wamva, mwananga? Funso lakolo ophunzira anafunsa kale, ndipo mwini wake analikana. Tsopano imwa phala."

Ndakhala ndikusinkhasinkha mutu umenewu kwa zaka zoposa 20, ndipo ndikufuna ndinene mosamala, chifukwa ena akamva umboni wanga amaganiza kuti ndikuti tchimo kulibe. Tchimo lilipo, ndipo ndinaliona ndi maso anga likulowa m'nyumba mwanga usiku wa tsiku la malipiro, likununkha kachasu. Linapha mwini wake, linapha mwana wosalakwa, linatsala pang'ono kupha ine. Kuipa kwa tchimo n'komweko: silipweteka wolichita yekha. Chimene ndimakana ndi masamu aja akuti wodwala kwambiri ndiye wochimwa kwambiri. Ndikudziwa azibambo amene ankayenda limodzi ndi malemu amuna anga m'malo omwewo, lero ali ndi imvi, akulera zidzukulu. Ndikudziwanso atsikana amene anakwatiwa ali anamwali, n'kufa asanakwanitse zaka 25. Masamu amenewa ndi a abwenzi a Yobu, ndipo kumapeto kwa buku lija Mulungu anakwiyira abwenziwo chifukwa sananene zoona za Iye. Ambuye Yesu atamva za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera, ananenetsa kuti iwowo sanali olakwa koposa ena onse a mu Yerusalemu, n'kutembenuzira mawu kwa omverawo kuti alape iwo. Kulapa n'kwa tonse, wogona pamphasa ndi wodzamuzonda yemwe.

Ma ARV ndinayamba mu 2004. Pankafunika kuti ubwere ndi munthu wokuyang'anira, ndipo achemwali anavomera. Tinkakhala pagulu kuphunzira kuti mankhwalawa sapha kachilombo koma amakagonetsa kuti chitetezo cha m'thupi chikwerenso, ndi kuti ukadumphitsa kamadzuka, nthawi zina katazolowera mankhwalawo. Linali piritsi la Triomune, limodzi m'mawa limodzi madzulo. Wotchi tinalibe, choncho ndinkayendera nkhani za pa wailesi ya anansi athu. Mapazi ankachita dzanzi ndi kuyaka, koma njala ya chakudya inabwerera, ndipo tsiku lina ndinangozindikira kuti ndamaliza mbale ya makaka ndi nandolo ndekha.

Pagulu lathu lolimbikitsana panali mayi wina wa msinkhu wanga, wothyola tiyi mnzanga, amene tinayamba mankhwala mwezi umodzi. Tinkatchulana kuti "asisi". Iyeyu anachira msanga kuposa ine, masaya anabwerera, anayambanso kugulitsa nthochi pamsewu. Ndiye kunabwera mneneri wina kudzamanga tenti pamsika wa kufupi, ndi zimkuzamawu ndi jenereta. Ankalalikira kuti matendawa ndi chiwanda ndi matemberero a makolo, ndipo chofunika ndi kumasulidwa. Tinapita tonse awiri, pakuti ndani safuna kumva kuti kachilombo katheratu? Anatisanjika manja, anthu ankagwa, ena ankakuwa. Pomaliza anati amene wakhulupiriradi abwere ndi mabotolo ake mawa adzawataye kutsogolo, chifukwa kumwabe mankhwala utapemphereredwa n'kukayikira Mulungu.

Usiku umenewo sindinagone. Ndinali nditangoyambanso kupemphera, ndipo ndinkaopa kuti ndingamukhumudwitse Mulungu amene wangondilandira. M'mamawa ndinapita kunyumba kwa abusa a mpingo wathu. Anandimvetsera mpaka kumaliza, n'kutsekula Yesaya 38. Anandionetsa mfumu Hezekiya, amene anadwala mpaka pafupi kufa, nalira kwa Yehova, ndipo Yehova anamuwonjezera zaka 15. "Koma taonani vesi 21, mayi," anatero abusawo. "Mneneri yemweyo amene anabweretsa lonjezo ndiye analamula kuti atenge nkhuyu zouma aike pachithupsacho. Kodi Hezekiya akanataya nkhuyuzo tikanati ali ndi chikhulupiriro? Pitani mukamwe mankhwala anu, ndipo pomwa muziyamika monga muyamikira pa nsima."

Ndinathamangira kwa asisi aja kukawauza, koma ndinapeza atapita kale kutenti. Anataya botolo lawo anthu akuomba m'manja. Ndinawachonderera, achemwali anawachonderera, alangizi a kuchipatala anawalondola mpaka kunyumba. Ankangoti, "Asisi, ine ndinamasulidwa, musandibwezere ku Iguputo." Sananame, ankakhulupirira ndi mtima wonse, ndipo ankakonda Yesu kuposa ambiri a ife. Tenti inachotsedwa, mneneri anapita kwina. Patapita miyezi mutu unayamba kuwapweteka koopsa, khosi linauma, ndipo pamene abale ankawanyamula kupita nawo kuchipatala kunali kutachedwa. Anasiya ana atatu. Mpaka lero ndikamva pa wailesi kuti wina wauza odwala kuti asiye mankhwala, thupi langa limanjenjemera. Munthu wotero akuika katundu wa imfa pa anthu amene Mulungu wawatsekulira kale khomo, ndipo akutero m'dzina la Ambuye.

Ine ndimakhulupirira machiritso. Ndimakhulupirira Yakobo 5, kuti wodwala aitane akulu a mpingo amupempherere, ndipo akulu anabweradi kwathu kudzapemphera. Ena amandifunsa kuti, ngati Mulungu anakuchizani, bwanji mukumwabe mankhwala? Ndimawayankha kuti kachilombo kalipobe, sindibisa, ngakhale akayeza magazi masiku ano amati sikakuonekanso chifukwa kachepa kwambiri. Koma ndinali mtembo woyembekezera nsalu, ndipo ndalera ana anga mpaka kuwakwatitsa. Mu 2011 dziko lathu linayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilombo, ndipo ndaona ndi maso anga amayi a pagulu lathu akubereka ana opanda kachilombo, ana amene akanatsata njira ya kamtsikana kanga. Ngati limenelo si dzanja la Mulungu, ndiye ndi la yani? Ndipo chiwombolo chachikulu chimene ndinalandira chinali kuchoka m'ndende ya kuganiza kuti Mulungu amanyansidwa nane. Mmenemo ndinatulutsidwa tsiku lija agogo anandisambitsa.

Mu Disembala 2004 mvula itagwa, tiyi ataphukira, ndinatenga dengu langa kupita kukalembetsanso ntchito. Akapitawo atandiona pamzere anagwira pakamwa. "Mayi, kodi si inu tinamva kuti munatisiya?" Ndinati, "Ndine ndemwe, bambo, lembani dzina." Analemba, ndipo mwezi umenewo ndinagulira mwana wanga yunifolomu ndi ndalama ya thukuta langa.

Panatsala chinthu chimodzi chimene mapilitsi sakanachiza. Manda a amuna anga ndinali ndisanapondeko chiwaikire, ndipo apongozi anga, amene anandinena za tsempho aja, anali atayamba kudwala, opanda wowatungira madzi. Mmene ndinafikira pakhomo pawo ndi ndowa pamutu, ndi zimene tinakambirana, ndidzafotokoza m'gawo 7.